Mphuno ya Luntha ndi Phala la Adada

Ku Makata, m'fakitale ina yopanga sopo, munali munthu amene ankadyera mphuno. Dzina lake anali Luntha Chirambo. Ena amadyera manja, ena pakamwa, koma iye ntchito yake inali yosakaniza fungo la sopo. Migolo ya timafuta tonunkhira ikafika, ankatsegula, n'kupaka kadontho padzanja, n'kununkhiza, ndipo ankanena pomwepo ngati mafutawo ali enieni kapena wina wawasungunula panjira. Sankaphonya. Mabwana ankamunyadira pamaso pa alendo, anzake ankamutcha Galu wa Apolisi, iye n'kumavomera dzinalo mano ali mbee. Koma munthu akatamandidwa kwambiri pa chinthu chimodzi, amayamba kuyesa kuti chinthu chomwecho chingamutsegulire khomo lililonse, ndipo Luntha anafika pokhulupirira mphuno yake kuposa mawu a munthu aliyense.

Ankakhala ku Chilomoni ndi mkazi wake Mervis, m'nyumba ya pamtunda yokwerera masitepe a simenti kuchokera kumsewu. Mwana wawo Lindiwe anali kusukulu yogonera komweko, ndipo m'chipinda chake munkagona a Simeon, bambo ake a Luntha. Mkuluyu anabwera kuchokera ku Rumphi akazi awo atamwalira, kuti akhale pafupi ndi chipatala. Anali woyendera masukulu wopuma pantchito, munthu womanga tayi ngakhale Loweruka, mkulu wa mpingo amene mowa sanaulawepo chibadwire. Matenda a shuga anali atawawononga mitsempha ya kumapazi. Ankati mapaziwo amawotcha ngati aponda pambaula, ndipo ngakhale chofunda chikangowakhudza ankabuula. Kuwonjezera apo anali ndi BP, mtima wawo nawo unkayendera mapiritsi. Luntha ankamva kubuula kuja kudzera pachipupa, ndipo zinkamupweteka zedi, chifukwa bambo akewo ankawakonda ndi mtima wonse.

Kuchipatala, dokotala wawo, mayi Madina, anawapatsa mankhwala a mitsempha. Anafotokoza kuti mankhwalawo sagwira lero ndi lero, amawonjezedwa pang'onopang'ono poopa mtima uja, ndipo abwerenso kuti adzaone mmene zikuyendera. A Simeon anathokoza mwaulemu monga mwa nthawi zonse. Luntha anatuluka ali ndwii. Kwa iye mawu akuti pang'onopang'ono anali chipongwe, munthu akupsa wina n'kumati tidikire mvula.

Tsiku lina akuweruka, atapanikizidwa m'minibasi pakati pa zenera losatseguka ndi mayi wa dengu la tomato, anakumana ndi kanema pafoni. Mzungu wina wandevu ankafotokoza za chamba cha mankhwala. Ankati chamba si chimodzi, chili ndi mitundu yambiri, ndipo chimene chimasiyanitsa mitunduyo ndi matepini, timafuta timene timapatsa chomera fungo lake. Cha fungo la ndimu, iye anati, chili ndi limonini ndipo chimagalamutsa munthu. Cha fungo la maluwa a lavenda chili ndi linalolo, chimatonthoza mtima. Cha fungo la mango akupsa chili ndi mirisini, chimagoneka munthu n'kuziziritsa ululu. Kenako anati: tsatirani mphuno yanu.

Luntha anatsala pang'ono kudumpha pampando. Limonini! Linalolo! Awa anali mayina olembedwa pamigolo imene ankatsegula tsiku ndi tsiku. Ankatha kuwasiyanitsa atatsinzina, ngakhale ali ndi chimfine. Anaona ngati kanemayo anajambulidwira iye yekha, moti anapitirira siteji yake osazindikira. Bandulo inatha kanemayo asanathe. Zimene mzunguyo ananena kumapeto Luntha sanazimve, ndipo sanaone chifukwa choti azimve.

Anapeza Mervis pakhonde akupinda zovala za kaunjika zimene ankagulitsa kumsika.

"Mayi a Lindiwe, mankhwala a adada ndawapeza," anatero monong'ona, n'kufotokoza zonse.

Mervis anasiya malaya amene anali m'manja. "Chamba? Fodya wamkulu? Adada omwewa?"

"Tsitsani mawu. Si chamba cha anyamata a pasiteji ayi. Ichi n'cha mankhwala. Boma lomwe linavomereza."

"Linavomereza a malayisensi ndi minda yawo ya mipanda ya waya. Inu layisensi yanu ili kuti?"

"Nkhani si layisensi. Nkhani ndi kusankha mtundu woyenera, ndipo pa zafungo palibe angandiphunzitse mu Blantyre muno."

"Chabwino. Kafunseni a Madina. Akakanena kuti n'zotheka, ndidzaphika ndekha ndi manja angawa."

Luntha anaseka monyodola. "Ndikafunse kuti akandiuzenso za pang'onopang'ono? Madokotala amadziwa mapiritsi basi. Ine ndakulira pamigolo."

"Nanga eni ake a mapaziwo muwauza?"

Apa Luntha anayang'ana kumbali. Ankadziwa bwino kuti a Simeon akanalola kufa ndi ululu kusiyana n'kuti dzina lawo litchulidwe pamodzi ndi chamba. "Akachira tidzawauza," anatero. "Adzaseka okha."

"Ine ndakana, bambo a Lindiwe. Mtima wa adada si sopo."

Mawuwo analowa khutu ili n'kutulukira linali. Mnzake wina wonyamula makatoni kuntchito anamulozera kwa munthu wotchedwa Hawkins ku Chirimba, kuseri kwa malo owotcherera zitsulo. Luntha anali asanachitepo kanthu kobisala m'moyo wake, ndipo mantha anamuyamba akadali panjira. Galimoto iliyonse yoyenda pang'onopang'ono ankaiyesa ya apolisi. Anafika malaya atamatirira kumsana ndi thukuta.

Hawkins anali mwamuna waukhondo, wa nsapato zoyera, wolankhula mofatsa ngati wogulitsa mabuku a nyimbo. Anatulutsa timitolo titatu m'tayala lakale n'kutiyala pachitseko cha galimoto chimene chinali pansi. Luntha anagwada, anatsinzina, n'kuyamba ntchito yake. Mantha aja anatha kaye, pakuti apa anali pakwawo. Koyamba kanali ndi fungo lakuthwa la ndimu, anakakankhira pambali. Kachiwiri kankanunkha dothi lonyowa ndi tsabola, ndipo kankaoneka kosasangalatsa, kodzaza njere ndi timitengo. Kachitatu kanali konona, komata m'zala, konyezimira ngati akawaza shuga. Atakafikitsa pamphuno anamva mango akupsa, ndipo chapansipansi maluwa a lavenda. Anamwetulira.

"Ichi."

"Muli ndi diso, bigi," anatero Hawkins. "Chimenecho n'cha mbewu yakunja. Mafana amachitcha Zimitsa. N'cha inuyo?"

"N'cha mdala wanga. Ali ndi shuga, mapazi sakumugonetsa."

Hawkins anakanda kumutu. "Mdala? Ine zamankhwala sindizidziwa, ndimangogulitsa. Koma chimenecho ngakhale ineyo sindichiyamba ndisanadye."

"Inu mumasuta utsi. Ine ndikufuna timafuta take. Fungo limeneli n'lofatsa, ndikulidziwa."

Hawkins anatukula mapewa. "Mdala ndi wanu, bigi."

Kamtoloko kanagona m'jombo za kuntchito mpaka Loweruka, tsiku limene Mervis anapita ku Zingwangwa kuchinkhoswe cha msuweni wake. Atangotsika masitepe, Luntha anakoleza mbaula kuseri kwa nyumba n'kutereka chamba chija m'mafuta ophikira. Anakazinganso anyezi pambali kuti asokoneze aneba, ngakhale kuti iye mwini ankadziwa kuti fungo lina silibisika ndi anyezi. Mafutawo atasanduka obiriwira anawasefa n'kuwanunkhiza. Anali okoma fungo, ofatsa, osaopsa m'pang'ono pomwe. Za muyeso wake kanema uja sanafike pozinena, choncho Luntha anayeza ndi maso. Anathira m'phala la mgaiwa, n'kuchulutsa nsinjiro kuti zisamveke.

A Simeon anali pabalaza, mapazi atawasanjika pakampando, wailesi ili pambali. Analandira mbale ndi manja awiri, anatsinzina, n'kupemphera mokweza monga mwa chizolowezi chawo. Anathokoza Mulungu chifukwa cha chakudya, ndiponso chifukwa cha mwana amene sanawataye muukalamba wawo. Luntha anayang'ana pansi mpaka pa ameni.

"Phala ili likumveka ngati muli masamba," anatero a Simeon atalawa.

"Ndi nsinjiro zatsopano, adada."

Anamaliza lonse. Luntha anakhala pampando wina akunamizira kuwerenga nyuzipepala, diso lili pa bambo ake. Nthawi inapita, osaona kusintha kulikonse.

"Mapazi akumveka bwanji, adada?"

"Chimodzimodzi, mwana wanga. Moto wokhawokha."

Luntha anaganiza kuti anaumira pothira. Sanadziwe kuti chamba chodya sichifulumira ngati chosuta, chimayamba chabisala m'mimba n'kudzuka munthu ataiwala. Anapita kukhitchini, anawiritsa tiyi wamkaka, n'kuthiramo mafuta aja mosaumira tsopano. A Simeon anamwa, n'kuthokozanso.

Dzuwa lili paliwombo, pawailesi panayamba mauthenga a maliro. Woulutsa anatchula dzina la mayi wina amene anamwalira ku Bangwe, ndipo a Simeon anaseka. Poyamba kunali kuseka kwa pakhosi, kenako anaseka chikhakhali mpaka misozi, munthu amene ankavula chipewa galimoto ya maliro ikamadutsa.

"Luntha," anatero akupukuta m'maso, "mapazi anga apita kutali. Ndikuwaona uko, koma si anga."

Luntha anamva kukoma mumtima. Anayamba kale kukonza mawu okamuuza Mervis madzulo. Koma kuseka kuja kunaduka mwadzidzidzi. A Simeon anagwira pachifuwa. Nkhope yawo inatuwa, milomo inauma gwa, maso anafiira n'kutong'oka. Anayamba kupuma mofulumira ngati munthu wothamangitsidwa.

"Mtima. Mtima ukutuluka."

"Khalani phee, adada, zidutsa."

"Zimitsa nyimbozo. Akuimbira ndani?"

Wailesi n'kuti Luntha ataizimitsa kale, m'nyumba muli zii. Anathamangira makina oyezera BP, anawamanga pamkono pa bambo ake. Makinawo anafufuma, analira, n'kuonetsa manambala amene Luntha anali asanawaonepo. Anayesanso, makina anangophethira osaonetsa kanthu. Atagwira pamkono ndi zala anamva mtima ukugunda mothamanga, kenako kudumpha, kenako kuthamanganso. Apa m'pamene mantha enieni anamugwira.

A Simeon anamuyang'ana nthawi yaitali ndi maso achilendo.

"Iwe. Wandidyetsa chiyani?"

"Palibe, adada. Phala basi."

"Wandidyetsa chiyani? Anthu awa pakhomo abwera ndi bokosi, wawaitana ndiwe?"

Pakhomo panalibe munthu. Luntha anayesa kuwagwira phewa, koma mkuluyo anadzikokera kukona ya mpando atatchinga nkhope ndi mkono, ngati mwana woopa kumenyedwa. Luntha anasowa mtengo wogwira. Anatuluka liwiro, anatsika masitepe, n'kuwoloka msewu kupita kwa neba wake Yusuph amene anali ndi galimoto. Chitseko anachisiya chosatseka.

Pamene ankabwerera, Yusuph akuliza galimoto, anamva amayi a pampopi akukuwa. Anakweza maso. A Simeon anali ataima pamwamba pa masitepe opanda nsapato, malaya atang'ambika mabatani, tayi ili pambali. Ankaitana akazi awo omwalira aja m'Chitumbuka, mokweza. Anthu anali atayamba kutuluka m'mipanda. Anyamata a kabaza anaimitsa njinga zawo.

"Adada! Imani pomwepo! Musasunthe!"

Luntha anayamba kukwera masitepe mothamanga, manja atatambasula. A Simeon anaona munthu akuwathamangira, ndipo nkhope yawo inadzaza mantha amene Luntha sadzawaiwala mpaka kumanda. Anali kuthawa mwana wawo. Anapatukira kumbali kumene kunalibe chogwira, phazi lawo lodwala linaponda m'malere, ndipo anagwa chammbali kutsika pachikweza mpaka m'ngalande ya miyala m'mphepete mwa msewu. Kunamveka kulira kwa fupa.

Amayi analira. Anthu anathandizana kuwanyamula, iwo akukuwa ndi ululu mwendo umodzi utapotokera kunja. Pamene ankawalowetsa m'galimoto, mnyamata wina wa kabaza anakweza mphuno n'kunena mosabisa mawu, "Koma pakhomo pano pakununkha fodya wamkulu." Luntha anamva ngati maso onse a Chilomoni ali pamsana pake.

Kuchipatala anapeza kuti dokotala wa tsikulo anali mayi Madina omwe aja. Anayeza shuga, anaunika m'maso, anamata timawaya pachifuwa cha a Simeon, ndipo nkhope ya dokotalayo inasintha poona mzere umene unkadumphadumpha pagalasi la makina.

"Adya chiyani lero?"

"Phala ndi tiyi," anatero Luntha.

"Mapiritsi awo sanabwereze? Sanamwe mankhwala ena, kaya azitsamba?"

"Ayi."

"Bambo Chirambo, shuga ali bwino, ndipo izi sizikuoneka ngati sitiroko. Koma mtima ukugunda mosalongosoka. Ndikapanda kudziwa chayambitsa ndipereka mankhwala mongoganiza, ndipo mtima uwu si wongoyeserapo. Ganizani bwino."

Pakhomo la chipindacho panali wapolisi atakhala pabenchi, akulondera munthu wovulala amene anali ndi unyolo kumanja. Luntha anayang'ana unyolowo. Anaona ntchito yake ikutha, anaona dzina la Chirambo m'nyuzipepala, anaona Lindiwe akusekedwa kusukulu ndi mpingo wonse ukunong'onezana. Anayang'ananso bambo ake amene tsopano ankangolira chapansipansi, milomo itayamba kuda. Ankadziwa kuti mawu ochepa okha akanathandiza, koma lilime linakana. Anaima pamenepo ali kakasi, akuopa ndende ndiponso akuopa maliro, osadziwa choopsa kwambiri n'chiti.

Mervis analowa akupuma wefuwefu, akadali m'chitenje cha yunifomu ya chinkhoswe. Yusuph anali atamuimbira foni. Anayang'ana apongozi ake pabedi, kenako mwamuna wake, ndipo anazindikira pomwepo chimene chachitika.

"Nenani," anatero motsitsa mawu. "Mukapanda kunena, ndinena ndine."

Luntha anatembenukira kwa dokotala. "Ndinawapatsa chamba. M'phala, ndi mu tiyi."

Anadikira kuti wapolisi uja adzuke, koma wapolisiyo ankasewera ndi foni yake. Mayi Madina sanakweze ngakhale chikope.

"Kuno si kupolisi. Chochuluka bwanji?"

"Sindikudziwa. Ndinayeza ndi maso."

"Champhamvu bwanji?"

"Chofatsa, adokotala. Ndinasankha ndekha. Cha mirisini ndi linalolo, chotonthoza. Ndinanunkhiza bwinobwino."

Apa dokotala anamuyang'ana. "Chimene chikuthamangitsa mtima wa bambo anu ndi THC, chinthu choledzeretsa cha m'chamba. Chimenecho chilibe fungo. Mukhoza kununkhiza mpaka mawa, simungadziwe ngati chilimo chochepa kapena chodzaza. Tulukani panja, mutipatse malo."

Luntha anakhala pabenchi ya m'khonde, Mervis ali chapatali pang'ono. Chitseko chikatseguka mtima wake unkadumpha. Bedi lamatayala likamadutsa ankayamba wayang'ana ngati nsalu yafunda kumutu. Kumapeto kwa khondelo banja lina linayamba kulira maliro, ndipo iye anaimirira asanazindikire kuti si awo. Anayesa kupemphera koma mawu sanabwere, pakuti sankadziwa kuti munthu amene wachita zotere amayamba bwanji. Chimene chinkangomubwerera m'mutu chinali chakuti ngati bambo ake angamwalire, adzakhala atafa akumuthawa.

Dzuwa litapendeka mayi Madina anatuluka atatopa. Anati mtima wayamba kubwerera m'malo, koma ngozi sinathe, awagoneka m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Fupa la m'chiuno linali litathyoka ndipo pankafunika opaleshoni, koma opaleshoniyo inayenera kudikira mtima kuti ulimbe.

"Mayiko amene amapereka chamba ngati mankhwala," anatero, "amayamba achiyeza ku labu kuti adziwe muli chiyani ndipo n'chochuluka bwanji. Amayamba ndi kadontho, wodwala akudziwa, dokotala akuyang'anira. Za matepinizo akatswiri akadafufuzabe. Ndipo kwa munthu wa mtima ngati uwu, mukanandifunsa, ndikanakuuzani kuti ayi."

Luntha anangogwedeza mutu. Yankho limenelo ankalidziwa kale, n'chifukwa chake sanafunse.

A Simeon sanamwalire. Opaleshoni inachitika banja lonse mitima ili m'mwamba, ndipo bala linachedwa kupola chifukwa cha shuga uja. Munthu amene ankayenda yekha kupita kutchalitchi, ngakhale motsimphina, tsopano ankafunika anthu awiri kuti amutembenuze pabedi. Moto wa kumapazi unabwerera monga kale, n'kupeza mnzake m'chiuno. Nzeru zitabwerera anafunsa dokotala chimene chinawachitikira, ndipo dokotala sanawabisire.

Tsiku lotsatira Luntha anabwera nthawi yoona odwala atanyamula chakudya m'kontena. Anawapatsa moni, anakhala m'mphepete mwa bedi, anatsegula kontena n'kutapa ndi supuni. A Simeon anayang'ana supuniyo. Anatembenuzira nkhope kukhoma. Mervis anatenga supuni ija mwakachetechete m'manja mwa mwamuna wake, ndipo mkuluyo anatsegula pakamwa n'kudya.

Atamaliza analankhula osamuyang'ana.

"Phala lija ndinalipempherera, Luntha."

Luntha anagwada pansi pa simenti, pamaso pa odwala ena ndi owadikirira. "Adada, ndinkafuna kuti mugone. Sindinkatha kupirira kukumvani mukulira. Ndikhululukireni."

"Ndikudziwa kuti sunafune kundipha. Ndakukhululukira, ndine bambo wako. Mapazi anali anga, ululu unali wanga, ukanandifunsa. Koma ndikuuze zoona, mwana wanga. Ukandibweretsera kanthu, mutu umadziwa kuti ndiwe Luntha, koma thupi limachita mantha lokha. Ndayesa kuliletsa, likukana."

Luntha analira ngati mwana. Akanakonda kutukwanidwa, ngakhale kumangidwa kumene, kusiyana n'kumva mawu ofatsa amenewo.

Ku Chilomoni a Simeon sanabwerereko. Masitepe aja sakanawakweranso, komanso iwo eni anapempha kuti akakhale ku Mzuzu kwa mwana wawo wamkazi Eliza, mlongo wake wa Luntha. Eliza anabwera ndi galimoto yahayala, ndipo kwa mlongo wakeyo analankhula mawu ofunikira okhaokha. Anawagoneka a Simeon kumpando wakumbuyo pamapilo, ndodo zoyendera zili pambali. Kunkatentha, ndipo ulendo unali wautali. Luntha anathamangira kugolosale ya pageti la chipatala n'kugula botolo la madzi, lomata bwinobwino, losatsegulapo munthu. Analilowetsa pazenera.

"Adada, madzi a panjira."

A Simeon anamuyang'ana mwachifundo, misozi ili m'maso. Manja awo anakhalabe pachifuwa osasuntha. Eliza ndiye anatambasula dzanja, analandira botololo n'kuliika pansi pa mpando wake, ndipo galimoto inanyamuka.

Luntha anaima pamenepo mpaka galimotoyo inazimiririka pakati pa maminibasi. Anali atasankha chonona, chonyezimira, chonunkhira mango ndi maluwa, osafunsa aliyense zimene zinali m'kati mwake, ndipo chinamulanda bambo ake akadali moyo. Akuluakulu sanalakwe ponena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.